Brighton Walowanso pa Waifai

Chiikireni Brighton m'manda, anthu a m'nyumba yake ya ku Chamboli analeka kupatsana moni. Mkazi wake, Damaris, ankagona kuchipinda ndi kamwana kawo Lulu. Limbani, mng'ono wake wa malemu, ankagona pabalaza pakamatiresi kopyapyala, chikwama atatsamira ngati munthu wodikira basi. Akakumana pakhomo la kubafa, wina ankayang'ana kudenga, wina pansi. Mawu ochepa amene ankalankhulana ankadzera mwa mwana.

"Lulu, auze atate ako aang'ono kuti mbale sizidzitsuka zokha."

"Lulu, auze amako kuti makutu ndili nawo."

Brighton anagwa Loweruka masana kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi. Madokotala anati mtsempha unaphulika m'mutu. Anafika naye kuchipatala manja atayamba kale kuzizira. Damaris ankati tsiku lonselo anali pakhomo akuchapa, ndipo atamva chiphokoso ndi kumupeza mwamuna wake ali thapsa pansi, anathamangira kumsewu kukafuna takisi. Koma mayi wina wogulitsa vitumbuwa pakona anamuona akuchokera kumsewuko, thukuta lili kamukamu, ndipo anauza mnzake. Mnzakeyo anauza wina. Pofika tsiku la maliro nkhani inali itamera miyendo: Damaris anali ku Ndola chichokereni m'mawa, kwa mwamuna wina, ndipo Brighton anafa yekha ngati galu, nkhuku zikumudumpha.

Amene anainyamula nkhaniyo pamutu anali a Stanislaus, mlongo wawo wa amayi ake a Limbani. Anali munthu wa pansi pa mgodi mpaka tsiku limene kampani inawauza kuti chifuwa chawo chadzaza fumbi, apite akapume. Kolona sinkachoka m'khosi mwawo. A Stanislaus sanamukondepo Damaris chiyambire. Ankati ndi mwana wa m'tauni wopanda mudzi, wolankhula Chibemba ngakhale kwa apongozi, yemwe anamuchotsa Brighton ku Katolika n'kumupititsa kutchalitchi cha magitala kumene anthu amapemphera mokuwa. Maliro atatha, a Stanislaus anasonkhanitsa zovala za malemu, nsapato, foni ndi zida zonse, n'kuzitsekera m'kachipinda kogwiriramo ntchito. Anati kwathu ku Katete katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka tsiku logawa. Kiyi anamangirira ku kolona. Ndipo aliyense ankadziwa kuti tsiku logawalo nkhani yeniyeni sidzakhala ya malaya ayi, koma ya nyumba: kodi Damaris ndi mwana wake akhalabe momwemo, kapena anyamule mapoto ake abwerere kwa makolo ake ku Bulangililo.

M'kachipinda kotsekedwako munali chinthu chimodzi chimene sichinadziwe kuti mwini wake wafa. Brighton ankagulitsa waifai kwa anthu oyandikana nawo. Pamwamba pa denga panali mtengo wachitsulo, ndipo m'kachipindamo munali kakompyuta kakale kolumikizidwa ku batire ya galimoto, kolira ngati udzudzu usana ndi usiku, magetsi azime asazime. Kakompyutako kankalemba chilichonse m'fayilo imene amaitcha logi: foni yakuti yalowa pa waifai nthawi yakuti, foni yakuti yatuluka. Brighton anali munthu wadongosolo. Foni iliyonse ya m'banja anaipatsa dzina la mwini wake, kuti aziizindikira pakati pa za makasitomala.

Zonsezi Limbani ankazidziwa, chifukwa Brighton ndiye anamuphunzitsa. Ali mnyamata wa sekondale ankabwera patchuthi kuchokera kwa amayi ake ku Twapia, komboni ya ku Ndola, n'kukhala pandowa yovundikira pambali pa mkulu wake, akuyang'ana kawindo kakuda kodzaza zilembo zoyera. Brighton ankanunkha sopo wofiira ndi waya wopserera. Limbani akalemba molakwa lamulo louza kompyuta chochita, ankamugogoda pamutu ndi chala chimodzi, osati mopweteka. Ndiye amene anamutumiza ku koleji kukaphunzira za makompyuta. Limbani anasiya chaka chachiwiri chili pakati, popanda chifukwa chomveka chimene akanatha kuuza munthu. Kucheza kwawo komaliza kunali kukangana pa nkhani yomweyo, pageti lomwelo, Brighton akumuuza kuti mutu uli nawo koma sumaliza chinthu. Limbani anachoka osatsanzika. Anadzabweranso ndi amayi ake Loweruka lija madzulo, paminibasi, akumva kulira kuchokera pakona.

Ndiye mlungu wa maliro utadutsa, amayi ake asanabwerere ku Twapia, Limbani anakhala pakhonde ndi laputopu yake yosweka pakona. Chitseko chinali chokiya, koma pasiwedi ankaikumbukira, ndipo waifai siifuna kiyi. Analowa m'kakompyuta kaja osadzuka pampando. Mtima wake unkafuna munthu woti umudye.

Logi inali yaitali ngati msewu wa ku Lusaka, mizere pamwamba pa mizere. Palibe amawerenga yonse. Pali lamulo lotchedwa grep limene limagwira ntchito ngati sefa: umalipatsa mawu, ilo limakubwezera mizere yokhayo imene muli mawuwo, ina yonse limaibisa. Limbani analipatsa deti ya tsiku la imfa. Kenako anaika kamzere koimirira kamene Brighton ankakatcha paipi, kamene kamatenga zotuluka mu lamulo loyamba n'kuzithira mu lachiwiri, ndipo anasefanso ndi dzina limodzi: Damaris.

Panatuluka timizere tochepa, tokwana pachikhatho. Tsiku lonselo, m'mawa ndi masana, foni ya Damaris sinaonekepo. Inayamba kuoneka dzuwa litalowa kale, mtembo uli kumochale.

Limbani anamva kukoma kowawa kukhosi. Anasunga timizereto m'kafayilo kake, n'kupita kumsika kwa mnyamata wa fotokope kukatisindikiza. A Stanislaus anavala magalasi awo, nayang'ana pepala kwa nthawi yaitali ngakhale sankamvapo kanthu.

"Ndiye pakutanthauza chiyani apa, mphwanga?"

"Pakutanthauza kuti panyumba panalibe, amalume. Foni ikakhala pabwalo pano imalowa yokha. Yake inalowa madzulo."

"Ndi makina akamba zimenezi?"

"Ndi makina."

"Makina alibe mlamu, alibe mnansi," anatero a Stanislaus, akupinda pepala kanayi n'kuliika m'thumba la jekete. "Koma iwe unasiyiranji sukulu? Mutu ulipo uwu."

Anali mawu oyamba abwino amene Limbani anamva kwa munthu wamkulu chisiyireni koleji. Madzulo omwewo a Stanislaus anawaonetsa pepalalo alongo awo. Amayi a Limbani analiyang'ana, nayang'ana mwana wawo. M'mawa mwake anakwera minibasi kubwerera ku Twapia.

Masabata anadutsa. Pepala lija linayenda m'thumba la jekete kuchoka ku Chamboli kupita ku Wusakile, mpaka ku mphakati wa tchalitchi, likuda ndi zala za anthu. Damaris anabwerera kuntchito kwake kusitolo ya mankhwala m'tauni, atavala zakuda. Azimayi a pampopi wa pamsewu ankasiya kulankhula iye akamadutsa. Mwana wa a Stanislaus anabwera tsiku lina n'kumayenda mozungulira nyumba, akugogoda makoma ngati wogula mbuzi.

Mawa lake kuli kugawa katundu, bambo wina wometa tsitsi anaima pageti n'kukuwa kuti waifai yakhala ikudukaduka kuyambira m'mawa, kodi munthu akafa ndiye kuti makasitomala afenso? Limbani anatsegula laputopu pakhonde kuti aone vuto. Ulendo uno sanasefe kanthu. Analemba lamulo la tail, limene limakuonetsa mchira wa logi n'kumakusiyira pomwepo, mzere uliwonse watsopano ukungotulukira pansi pamene ukulembedwa. Anakhala akuyang'ana mafoni a anthu akulowa ndi kutuluka ngati nyerere pakhomo la dzenje. Kunali kotentha, mphepo ikubweretsa fumbi lochokera kuphiri lakuda la zotsalira za mkuwa.

Kenako pansi pa sikirini panatuluka mzere wonena kuti Brighton walowa.

Foni ya Brighton inali yozimitsa, m'sutikesi, kuseri kwa chitseko chokiya. Anaiona ndi maso ake a Stanislaus akuiikamo. Kwa kamphindi kochepa, kochititsa manyazi, Limbani anadzutsa mutu kuyang'ana kugeti, akudikira kuona munthu wamtali wa kapusi yofiira akukankha chitseko ndi phazi monga ankachitira.

Geti linatseguka. Analowa Damaris, jumbo ya tomato kumanja, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Anamudutsa osamuyang'ana.

"Alamu."

Damaris anaima, koma sanatembenuke. Mawu amenewo anali asanawamve kwa mwezi wathunthu.

"Alamu, ndione foni yanu."

"Ufuna usindikizenso chiyani manje? Pepala limodzi silinakukwane?"

"Ndingoiona chabe."

Damaris anaika jumbo pansi, napisa m'chikwama, n'kuiponya foni pamiyendo pa Limbani. Inali yakuda, galasi lake losweka ngati ukonde wa kangaude pakona yakumanzere. Limbani anaizindikira nthawi yomweyo. Analiswa ndi iyeyo galasilo, zaka zapitazo, ataigwetsa pamene ankaonera mpira.

"Iyi ndi yakale ya achimwene."

"Wadziwa lero?"

"Nanga yanu ija yoyera ili kuti?"

Apa ndiye Damaris anatembenuka. Maso ake anali ouma, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa misozi.

"Iwe Limbani, umadya m'nyumba ya amako, umagona m'nyumba ya amako, koma sudziwa foni imene amako amayankhira? Yawo inagwera m'ndowa nthawi ya Isitala. Atate ake Lulu atagula yatsopano anandipatsa yawo yakale, ine n'kupereka yanga kwa apongozi. Ndinawapatsa ndi manja awiri, nditagwada. Bweretsa foni yanga."

Anailanda, natola tomato wake, n'kulowa m'nyumba.

Limbani anayang'ananso pasikirini. M'banja mwawo, monga m'mabanja onse a m'komboni, foni sinkatayidwa. Inkatsika makwerero: wamkulu akagula yatsopano, yakale imapita kwa mkazi, ya mkazi kwa apongozi, ya apongozi kwa mdzukulu. Amangosintha simu. Koma kakompyuta sikadziwa simu, kamadziwa foni yeniyeniyo, ndipo Brighton, ndi dongosolo lake lonse, anali asanasinthe mayina. Foni yotchedwa Damaris inali ya amayi ake. Inalowa pa waifai dzuwa litalowa chifukwa ndi nthawi imene Limbani mwini ndi amayi akewo anafika pageti kuchokera ku Ndola. Akanapanda kusefa kachiwiri, akanaona dzina lake lomwe pamzere wotsatira. Akanayang'ana dzulo lake, kapena dzana, akanaona kuti foniyo inali isanaonekepo kwa miyezi. Akanangodzifunsa kuti nanga pamene mkaziyo anafika ndi takisi pabwalo, foni yake inalekeranji kulowa. Sanadzifunse. Anafunsa makina funso limodzi lokha, limene yankho lake ankalifuna.

Koma zinali zotheka kukonza. Ngati Damaris anali pakhomo tsiku lija, ndiye kuti foni yotchedwa Brighton idzaoneka m'mawa wonse, n'kutuluka masana pamene anathamangira kumsewu, n'kulowanso atabwera ndi takisi. Zonse zidzakhala zolembedwa. Anaona mndandanda wa mafayilo. Panali logi ya mlungu uno, ndi zina zakale zopanikizidwa kuti zichepe. Analemba zgrep, mbale wake wa grep amene amatha kusefa ngakhale m'mafayilo opanikizidwa, n'kumupatsa deti ija.

Palibe chinatuluka.

Anaganiza kuti walakwitsa kalembedwe. Analembanso. Kawindo kakuda kanangomubwezera mzere wopanda kanthu, kachizindikiro kakuphethira. Anatsegula fayilo yakale kwambiri pa onse n'kuyang'ana mzere wake woyamba. Unayambira pa tsiku limene Brighton anali atagona kale m'manda.

Ndipamene anakumbukira. Kakompyutako kanali ndi malo ochepa, ndipo Brighton anakakonza kuti kazisunga logi za masabata anayi okha. Mlungu uliwonse kankayamba fayilo yatsopano n'kufufuta yakale kwambiri, kokha, popanda wokauza. Pamene banja linkadikira tsiku logawa, katundu wa malemu osakhudzidwa, kakompyuta kankamvera mwini wake mokhulupirika, mpaka kanafufuta tsiku limene anafa. Brighton ankamuuza nthawi zonse kuti usanayambe kusefa, yamba wakopera fayilo yonse, uisunge pambali. Lamulo lake n'lalifupi, la zilembo ziwiri. Limbani sanalilembe. Za tsiku lonse lija, padziko lonse lapansi, panatsala timizere take tokha, tija tinali m'thumba la a Stanislaus.

Anapita kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi, n'kusanza.

Lamlungu, Misa itatha, anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mapeyala. Amuna anakhala pamipando, akazi pamphasa. Amayi a Limbani anafika kuchokera ku Twapia, ataonda, duku lakuda kumutu. Damaris anakhala payekha chakumapeto, Lulu pamiyendo, abale ake awiri a ku Bulangililo kumbuyo kwake. A Stanislaus anatsegula kachipinda kaja, katundu anatulutsidwa n'kuunjikidwa pakati. Malaya a Brighton anali akununkhabe iye mwini. Atapemphera, a Stanislaus anatsokomola kwa nthawi yaitali, natulutsa pepala.

"Tisanagawe malaya, pali nkhani ya nyumba. Nyumba iyi anaisiya atate ake a Brighton, anaigula ndi mapapo awo pansi pa mgodi. Sitingaisiye m'manja mwa munthu amene mwana wathu akufa anali kuyendayenda ku Ndola. Si ine ndikukamba. Ndi makina. Limbani, imirira uwauze anthu."

Limbani anaimirira, laputopu m'manja.

"Pepala limenelo n'labodza, amalume."

A Stanislaus anatsitsa pepala lija.

"Wati bwanji?"

"Ndinalakwitsa. Foni imene yalembedwapo si ya alamu."

"Awe, imwe, mwamumva mwana uyu?" A Stanislaus anatembenukira kwa anthu, akuseka popanda chimwemwe. "Mwezi wathunthu wagona m'nyumba imodzi ndi mkazi wa mkulu wake, lero makina asintha mawu. Wakudyetsa chiyani, iwe? Kapena wakulonjeza chiyani?"

Mmodzi wa abale a Damaris anadzuka akutukwana m'Chibemba, wina n'kumukoka malaya. Limbani anaika laputopu pampando wopanda munthu, n'kuitembenuzira kwa anthu, mchira wa logi ukuyenda.

"Amama, foni yanu ili kuti?"

Amayi ake anamuyang'ana mosamvetsa. Foni ankaisunga yozimitsa paulendo, kuopa kutha moto, ataimangirira pakona ya chitenje. Anamasula mfundo pang'onopang'ono. Inali yoyera.

"Iyatseni."

Anaiyatsa. Kanyimbo kanalira. Anthu anasendera pafupi, ngakhale amene sankadziwa choti ayang'ane. Patapita kanthawi, pansi pa sikirini panatuluka mzere watsopano, ndipo mtsikana wina wa sekondale anauwerenga mokweza: "Damaris."

"Makina amaidziwa foni imeneyi ndi dzina la mwini wake woyamba," anatero Limbani. "Anthu amene anafika madzulo kuchokera ku Ndola tsiku lija anali amama ndi ine."

A Stanislaus anavula magalasi, nawavalanso. Anayang'ana pepala lawo, nayang'ana foni yoyera. Koma munthu amene wayenda ndi nkhani mwezi wonse saitula msanga.

"Chabwino. Tingoti n'zoona. Ndiye tionetse pamakina pomwepo kuti mkaziyu anali pakhomo."

"Sindingathe."

"Chifukwa?"

"Za tsiku limenelo zinafufutika. Ndinangosunga zimene ndinasefa."

"Mwamva! Chimene chimuteteza chafufutika, chimene chimuneneza n'chabodza. Ndiwe chitsiru cha mtundu wanji iwe? Ndiye chifukwa chake unathawa sukulu. Mkulu wako anataya mphamvu zake pachabe."

Panalibe mawu amodzi mwa amenewo amene Limbani anali asanadziuze yekha.

"Achimwene, khalani pansi."

Anali amayi ake. Mawu awo anali otsika, koma anthu anamva. Foni yoyera anali ataigwira ndi manja awiri pamiyendo.

"Tsiku lija mpongozi wangayu anandiimbira masana, pafoni yomweyi imene anandipatsa. Ankakuwa kuti amama, atate ake Lulu agwa, sakuyankha. Kumbuyo ndinkamva madzi a pampopi akutayikira pasimenti. Ndinkamvanso mwana wanga akupuma, ngati munthu woliza mkonono. Ndinamubereka ndine, kupuma kwake ndimakudziwa. Ndinamuuza mkaziyu kuti thamanga, kapeze galimoto. Ndinamutuma kumsewu ndine."

"Nanga bwanji simunanene, alongo?" anafunsa a Stanislaus, mawu atasasa.

Amayi aja anatembenuza nkhope n'kuyang'ana Limbani. Munalibe mkwiyo m'maso mwawo, ndipo iye akanakonda mukanakhala mkwiyo.

"Munandionetsa pepala. Munati walemba ndi mwana wanga wa ku koleji, wachotsa m'makina a mkulu wake. Ndinati mwina makutu anga akalamba. Mwina chisoni chandisokoneza mutu, ndinalota. Ine sindinapite kusukulu. Ndingatsutse bwanji makina?" Anapukuta mphuno ndi nsonga ya duku. "Nyumba imeneyi anaigula ndi mwamuna wanga. Muli mdzukulu wanga, muli amake. Palibe achokemo. Gawani malaya, tizipita kusanade."

A Stanislaus anakhala pansi. Pepala analifinya m'dzanja mpaka linasanduka kampira. Kugawa kunayenda mwachangu, mopanda nthabwala zimene zimakhalapo pa tsiku lotere. Jekete kwa uyu, nsapato kwa uyo. Limbani anapatsidwa kapusi yofiira, ndipo sanathe kuiyang'ana. Kakompyuta anakasiya m'malo mwake, poti palibe ankadziwa chochita nako. Mulu utatha, a Stanislaus analoza Damaris ndi chibwano.

"Foni imene ali nayo mayiyu, tamva tonse kuti inali ya malemu. Ngakhale makina akuti ndi ya Brighton. Ndi katundu wa malemu. Ibwere pakati."

"Achimwene," anatero amayi a Limbani.

"Mwambo ndi mwambo, alongo. Nyumba mwapereka. Mwambo musaupereke."

Damaris sanatsutse. Anamutsitsa Lulu pamiyendo, natulutsa foni yakuda ija. Anachotsa ndolo kukhutu, n'kutokosa nayo kabowo ka pambali mpaka simu inatuluka. Simuyo anaiika m'kamwa, patsaya, monga amachitira azimayi ndi ndalama yachitsulo manja akatanganidwa. Foniyo sanaipereke ndi manja awiri. Anaiika padothi, n'kuikankha ndi phazi mpaka inakafika pansapato za a Stanislaus. Iwo anaitola, naipukuta pabuluku, n'kuiika m'thumba momwe munkakhala pepala.

Anthu atayamba kumwazikana, Limbani anakulunga kamatiresi kake, natenga chikwama. Anamupeza Damaris pakhonde akusesa pamene panalibe zinyalala.

"Alamu, ine ndi..."

"Usandipepese pakhonde panga." Analavulira simu m'dzanja. "Mwezi wonse ndakudyetsa nsima iwe ukundikumbira dzenje. Unkaganiza kuti ndiwe wekha unaferedwa? Ndinamugwira mutu m'takisi, ndikumuuza kuti tafika, tafika, iye atapita kale. Ukanandifunsa funso limodzi. Tinkakumana pakhomo la kubafa tsiku lililonse."

"Ndikudziwa."

"Sudziwa. Mayi wa vitumbuwa uja sadzaona makina ako. Adzafa akunena kuti ndinali ku Ndola, ndipo Lulu adzazimva kusukulu." Anatsamiritsa tsache kukhoma. "Usanapite, tsegula chinthu chakocho. Chotsa dzina langa pafoni ya amako. Ukatero uchotse lako pawaifai yanga, ndi pasiwedi yomwe. Ndipeza munthu wina woyendetsa makinawa."

Limbani anakhala pasitepe, natsegula laputopu. Damaris anaima pamwamba pake, manja m'chiuno, kuti aone ndi maso ake. Anasintha dzina la foni yoyera. Anamupatsa laputopu kuti alembe yekha pasiwedi yatsopano, iye atayang'ana kumbali. Atabweza, kawindo ka mchira wa logi kanali kotsegukabe pakona.

Kunja kwa geti, a Stanislaus anali atayamba ulendo wopita kokwerera minibasi, akutsokomola, thumba la malaya a malemu paphewa, foni yakuda ikali yoyaka m'jekete. Anadutsa pampopi wa pamsewu. Anadutsa pakona ya vitumbuwa. Atakhota, pansi pa sikirini panatuluka mzere wonena kuti Brighton watuluka.

Onse awiri anauona. Damaris anagwira pakamwa, n'kulowa m'nyumba mofulumira, chitseko n'kutseka. Limbani anamva loko akulira.

Anatsala ndi dzina limodzi loti afufute. Asanatero, analemba lamulo lija la zilembo ziwiri, n'kukopera fayilo yonse, kuyambira mzere woyamba mpaka wotsiriza, osasefa kanthu. Kenako anafufuta dzina lake, kawindo kanauma poti laputopu inali itaduka pa waifai, ndipo anavala kapusi yofiira n'kutsatira amayi ake kumsewu.